Mphete ya ruby ya wobadwa mu Julayi: ndigule mwala wa pamsewu kapena wa m'sitolo?

Funso: Ndine mnyamata wa ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Chinkhoswe chathu chayandikira, ndipo bwenzi langa, yemwe ndi namwino, anabadwa mu Julayi. Akuti mwala wa mwezi wake ndi ruby ndipo angakonde mphete yokhala ndi mwala umenewu. Tsiku lina ku Old Town bambo wina anandionetsa timiyala tofiira m'kapepala, akuti ndi ruby wa ku Ntcheu, pamtengo woti ndingakwanitse. Anakanda nato botolo kuti ndikhulupirire. Anzanga akuti mphete yeniyeni ndi ya dayamondi basi, pomwe mayi anga akuti za miyala ya miyezi n'zamatsenga. Nditani kuti ndisabetse ndalama?

Yankho: Achimwene, timiyala ta m'kapepalato tisiyeni. Sindikunena kuti bambowo ndi wakuba ayi, mwina nawonso anachita kugulitsidwa ndi wina n'kukhulupirira. Koma inu mutaima pamsewu mulibe njira yodziwira chimene chili m'kapepalamo, ndipo ngakhale atakhala ruby weniweni, mwala wosasema uli kutali kwambiri ndi mphete. Zifukwa ndizifotokoza, koma tiyambe tawayankha amayi, chifukwa mphete imene apongozi akuiyang'ana ndi diso lokayika siikhalitsa pachala.

Nkhawa yawo ili ndi pochokera. Pa Eksodo 28 timawerenga za chapachifuwa cha Aroni, mkulu wa ansembe, chimene chinali ndi miyala 12 yoimira mafuko 12 a Isiraeli. Wolemba mbiri wachiyuda Josephus ndiye analumikiza miyalayo ndi miyezi 12 ya chaka, ndipo m'zaka zotsatira anthu a ku Ulaya anawonjezerapo zikhulupiriro zawo, zoti mwala wakuti umachiza, wakuti umabweretsa mwayi. Mpaka lero alipo ogulitsa amene amanena zimenezi kuti malonda ayende. Koma mndandanda umene bwenzi lanu lauona si wakale choncho. Unakhazikitsidwa mu 1912 ndi bungwe la ogulitsa mphete ndi ndolo la ku America, n'cholinga choti masitolo onse azinena chimodzi. Anausinthako mu 1952, mu 2002 anawonjezera tanzanite pa Disembala, ndipo mu 2016 anaika spinel pa Ogasiti. Tanzanite ameneyu anapezeka koyamba mu 1967 kumapiri a Merelani pafupi ndi Arusha ku Tanzania. Ndiye anthu onse obadwa mu Disembala chisanafike chaka chimenecho mwayi wawo unkachokera kuti? Auzeni amayi kuti ndi mwambo wa amalonda, wosangalatsa ndithu, koma mwala sumuteteza munthu ndiponso sumulodza. Wogulitsa akayamba kukuuzani kuti ruby amalimbitsa banja, dziwani kuti za mwala weniweniwo zamuthera.

Popeza ena owerenga afuna kudziwa yawo: Januwale ndi garnet, Febuluwale amethyst, Malichi aquamarine, Epulo dayamondi, Meyi emerald, Juni ngale kapena alexandrite, Julayi ruby, Ogasiti peridot, Sepitembala sapphire, Okutobala opal kapena tourmaline, Novembala topaz kapena citrine, ndipo Disembala turquoise, zircon kapena tanzanite. Chosangalatsa n'choti yambiri mwa miyala imeneyi ili pansi pa nthaka yathu ndi ya anansi athu. Aquamarine ndi tourmaline amakumbidwa ku Mzimba. Emerald wotchuka amachokera ku mgodi wa Kagem ku Zambia, ruby wambiri wa pamsika wa dziko lonse masiku ano amachokera ku Montepuez ku Mozambique, kumene anapezeka mu 2009, ndipo dayamondi wa ku Jwaneng ndi Orapa ndiye anamanga Botswana. Ku Ntcheu nakonso si bodza: pa phiri la Chimwadzulu anapezapo ruby ndi sapphire mu 1958, ndipo miyala ya kumeneko inadziwika kunja ndi dzina loti Nyala. N'chifukwa chake mawu oti "wa ku Ntcheu" amagwira mtima. Aliyense wofuna kugulitsa kanthu kofiira ku Lilongwe amadziwa dzina loyenera kutchula.

Pa miyezi yonse, wobadwa mu Julayi ndi mmodzi wa amwayi, osati mwa matsenga, koma chifukwa ruby ndi wolimba. Pali muyeso wa kulimba kwa miyala umene anaukonza Friedrich Mohs mu 1812, woyambira pa 1 kulekeza pa 10. Dayamondi ali pa 10, ruby ndi sapphire pa 9, topaz pa 8, emerald ndi aquamarine pakati pa 7.5 ndi 8, amethyst ndi citrine pa 7, tanzanite cha pa 6.5, opal cha pa 6, ngale pansi pa 5. Nambala yofunika kuisunga ndi 7. Fumbi limene limatikuta kuno mu Sepitembala ndi Okutobala lili ndi timchenga ta quartz tolimba kufika pa 7, choncho mwala uliwonse wofewa kuposa pamenepo umapalika pang'onopang'ono nthawi iliyonse mwiniwake akaupukuta ndi chitenje. Pakatha zaka zingapo umachita chifunga. Opal, ngale ndi tanzanite ndi zokongola pa ndolo kapena pa mkanda, koma pa mphete yovala tsiku lililonse ndimakana. Emerald ndi wolimba koma amakhala ndi timing'alu tambiri m'kati, moti kungomenyetsa pa chitseko cha minibasi akhoza kuthetheka. Ruby alibe mavuto amenewa.

Tsopano za botolo lija. Galasi lili cha pa 5.5, ndiye pafupifupi mwala uliwonse umene ndatchulawu ukhoza kulikanda. Garnet amakanda botolo. Quartz wotola kudambo amakanda botolo. Ruby wopangidwa ku fakitale amakanda botolo bwino kwambiri, popeza nayenso ali pa 9. Chimene bambowo anakuonetsani n'choti timiyalato si galasi wamba, basi. Sanakuonetseni kuti ndi ruby, ndipo sanakuonetseni kuti ndi wa m'nthaka.

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa dzina limodzi loti ruby limaphimba zinthu zosiyana mtengo kutali ndi kutali. Ruby ndi mwala wotchedwa corundum umene chitsulo cha chromium chinaupatsa mtundu wofiira. Corundum yemweyo akakhala wabuluu, wachikasu kapena wobiriwira amatchedwa sapphire. Wodula koposa ndi wochokera m'nthaka amene sanatenthedwe, wofiira kwambiri komanso woyera m'kati. Wotere ndi wosowa, ndipo akakhala wamkulu amaposa dayamondi mtengo. Pansi pake pali wa m'nthaka amene anamuotcha m'ng'anjo kuti mtundu ukome. Ameneyu ndiye wochuluka m'masitolo abwino padziko lonse, ndipo palibe cholakwika, chifukwa kusinthako sikubwerera m'mbuyo. Chofunika n'choti wogulitsa anene. Kenako pali amene ine ndimadana naye: mwala wachabechabe wodzaza ming'alu umene amauthira galasi la mtovu losungunula kuti ming'aluyo isaoneke. Poyamba umawala mochititsa kaso, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Madzi a mandimu, Jik, ngakhale moto wa mmisiri pokonza mphete zimadya galasilo, mwala n'kusanduka woyerayera ngati wosweka. Kwa namwino amene amasamba m'manja kambirimbiri patsiku ndi kugwira mankhwala otsukira, ruby wotere sangathe naye chaka ali bwino.

Ndiye pali wopangidwa ndi anthu. Si zachilendo ayi: katswiri wa ku France Auguste Verneuil analengeza njira yake mu 1902, ndipo kuyambira pamenepo mafakitale akhala akupanga ruby wambirimbiri motsika mtengo. Mwala wake ndi corundum weniweni, kulimba kwake n'chimodzimodzi, mtundu wake ndi wokongola. Vuto limabwera akaugulitsa ngati wa m'nthaka. Akathyali amatenga chibulumwa cha ku fakitale, kuchiphwanya ndi hamala, kuzunguza zidutswazo mumchenga kuti m'mbali muthe kuthwa, kupakako dothi, n'kuzikulunga m'kapepala. Chinyengo chimenechi chimadziwika m'madera onse a migodi, ndipo chagwetsa ngakhale ogula ozolowera. Mwala wa pamsewu ukakhala waukulu, wofiira bwino, woyera m'kati ngati madzi, komanso wotchipa, zinayi zimenezi pamodzi zikutanthauza kuti si wa m'phiri. Wodziwa amayang'ana ndi kagalasi kokuza zinthu kakhumi: wa ku fakitale amaonetsa timizere topindika ndi tithovu ta mpweya, wa m'nthaka amaonetsa timizere towongoka ndi tinsingano tating'ono tonga ulusi. Koma diso lotere limatenga zaka, ndipo pa mwala wosasema n'kovuta kwambiri kuona.

Tiyerekeze kuti mwachita mwayi, mwala ndi weniweni. Muyenera kupeza wosema waluso, kumulipira, ndi kuvomera kuti posema mwala wambiri umathera m'fumbi. Kawirikawiri chotsala chimakhala gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kucheperapo, ndipo mng'alu wobisika ukatulukira pakati pa ntchito mumatsala ndi tizidutswa. Pamwamba pake muyenera kugula golide ndi kulipira mmisiri woika mwala. Palinso lamulo. Malonda a miyala yosasema amafuna chiphaso cha boma, kutuluka nayo m'dziko kumafuna chilolezo, ndipo mu 2025 boma linafika poimitsa kaye kutumiza miyalayi kunja. Munthu wokonzekera chinkhoswe asadziike m'zimenezi. Ngati mtima wanu uli pa mwala wa kwathu konkuno, chimene ndi chinthu chabwino, funani wogulitsa wa chiphaso amene ali ndi miyala yosemasema, ndipo chiphasocho muchione ndi maso.

Mukandifunsa chimene ndingachite ndi ndalama za munthu wolandira pamwezi, ndingasankhe chimodzi mwa ziwiri. Choyamba, ruby wamng'ono wa m'nthaka wootchedwa, wosathiridwa galasi. Chachiwiri, ruby wa ku fakitale wokulirapo, wogulidwa mukudziwa chimene ali, ndipo mwiniwake mwamuuza. Palibe chamanyazi pamenepo. Garnet wofiirira wotchedwa rhodolite nayenso ndi wokongola ndipo ndi wotsika mtengo, bola atchedwe ndi dzina lake. Ndalama zotsalazo ziikeni pa chitsulo cha mpheteyo, chifukwa anthu ambiri amene amabwera akudandaula sikuti mwala wawakhumudwitsa, koma chala chabiriwira patangotha miyezi iwiri.

Yang'anani m'kati mwa mphete, mupezamo chidindo. Golide wosasakaniza ndi wa makarati 24, koma ndi wofewa kwambiri, ndiye amamusakaniza ndi mkuwa, siliva ndi zitsulo zina. Nambala 375 ikutanthauza makarati 9, kapena kuti magawo 375 pa 1000 alionse ndi golide. 585 ndi makarati 14, 750 ndi makarati 18, 916 ndi makarati 22. Siliva wabwino amalembedwa 925. Mphete zochokera ku South Africa zambiri zimakhala za makarati 9, za ku Dubai zimakonda kukhala za 18 kupita m'mwamba. Mukaona zilembo GP, GEP kapena GF, ndiye kuti golide ali pamwamba pokha, m'kati ndi chitsulo china. Zokutira zoterezi n'zabwino pa ndolo za ku phwando, osati pa mphete yochapa nayo zovala.

Manambalawa amakuthandizaninso kuwerengera. Uzani wogulitsa aike mphete pa sikelo. Mphete ya magalamu 4 ya 375 ili ndi golide wokwana galamu imodzi ndi theka, pomwe ya magalamu 4 ya 750 ili ndi magalamu atatu. Mtengo wa golide wa tsiku limenelo mukhoza kuuona pa foni, n'kudziwa kuti pa ndalama zimene akutchulazo, za golide ndi zingati, za mwala, ntchito ndi phindu la sitolo ndi zingati. Wogulitsa ayenera kupindula, koma mukadziwa masamuwa mumanenerera mtengo muli ndi poimira. Chidindo chokha musachikhulupirire kotheratu, poti chodindira chimagulidwa ndi aliyense. Maginito amathandiza pang'ono: golide ndi siliva sizikokedwa, ndiye mphete ikamata pa maginito ibwezeni. Koma mkuwa nawo sukokedwa, choncho kusamata si umboni. Mmisiri wa golide amayesa pokhula mphete pa kamwala kakuda n'kudonthezapo asidi, kapena ndi makina, ndipo wogulitsa woona sakana kuti mphete yake iyesedwe.

Pa makarati, 9 kapena 14 ndi wokwanira kwa munthu wogwira ntchito ndi manja. Wa 22 amapindika msanga ndipo sagwira mwala molimba. Golide wooneka woyera ngati siliva amakutidwa ndi chitsulo cha rhodium, chimene chimatha pakapita nthawi mphete n'kuyamba kuoneka yachikasu pang'ono, ndiye pamafunika kukakutitsanso. Wina amakhala ndi chitsulo cha nickel chimene chimayabwa anthu ena, choncho ngati bwenzi lanu limatuluka zidzolo ndi ndolo zotchipa, funsani. Ndipo musasokoneze karati ya golide ndi karati ya mwala. Ya mwala ndi kulemera: karati imodzi ndi magalamu 0.2. Ruby ndi wolemera kuposa dayamondi, ndiye ruby wa karati imodzi amaoneka wocheperako poyerekeza ndi dayamondi wa karati imodzi. Funsani kukula kwake m'mamilimita.

Chinthu chimene anyamata ambiri saganizira ndi kagwiridwe ka mwala. Mphete za pa zithunzi zimakhala ndi mwala wokwezeka pamwamba, wogwiridwa ndi timano tinayi. Namwino amavala ndi kuvula magolovesi tsiku lonse, ndipo timano timeneti timang'amba magolovesi, timakola m'tsitsi ndi m'zovala, kenako kamodzi kamapindika mwala n'kugwera m'sinki. Sankhani mphete imene mwala wake wazunguliridwa ndi mkombero wa golide, kapena wolowa m'kati mwa mphete osatumphuka. Ngati akufunabe ya timano, tikhale tisanu ndi kamodzi. Mumufunsenso ngati kuntchito amaloledwa kuvala mphete ya mwala, chifukwa m'zipatala zambiri amalola yosalala yokha. Zikatero mugulireni katcheni koti azipachikapo mpheteyo m'khosi akakhala pa ntchito.

Za anzanu a dayamondi sinditaya nazo nthawi yambiri. Mwambo woti mphete ya chitomero ikhale ya dayamondi unafalitsidwa ndi malonda a kampani ya De Beers kuyambira cha m'ma 1940, ndipo nkhani yoti mwamuna awononge malipiro a miyezi iwiri inachokeranso komweko. Ankhoswe sadzafunsa zimenezo. Mwiniwake wanena kuti akufuna ruby, ndiye mukufunanso chiyani? Kwa amene akufunadi dayamondi, adziwe kuti kumenekonso kuli wa m'nthaka ndi wa ku fakitale, amene mtengo wake watsika kwambiri zaka zapitazi, komanso kuli moissanite ndi cubic zirconia, zimene si dayamondi n'komwe. Kachipangizo koyezera kamene kamalira kakakhudza mwala, kamtundu wakale, kamaliranso pa moissanite. Dayamondi wamkulu azikhala ndi satifiketi ya bungwe la kunja loyeza miyala, la GIA kapena IGI, imene nambala yake mukhoza kuitsimikiza pa intaneti. Timakadi tonyezimira timene timabwera ndi mphete zotchipa zooda kunja, tolembedwa kuti mwala ndi weniweni, n'tosindikiza chabe.

Pogula, yendani masitolo angapo, ku Old Town, ku City Centre ndi m'mamolo, musanatulutse ndalama. Mwala muuonere pakhomo, pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa mababu achikasu a m'sitolo amakometsa chilichonse chofiira. Muuyang'ane kuchokera pamwamba: wosemedwa bwino umabweza kuwala ponseponse, wosemedwa moipa umakhala ndi malo otuwa pakati oti mukhoza kuonera chala kunsi kwake. Oodetsa katundu ku Dubai, ku Johannesburg kapena ku China kudzera pa WhatsApp ndi Facebook alipo okhulupirika, koma chithunzi sichionetsa kulemera kapena mtundu weniweni, ndiye gwirizanani kuti ndalama yomaliza mupereka mphete ikayesedwa kuno.

Muyeso waukulu wa wogulitsa ndi lisiti. Muuzeni alembe dzina la mwala, ngati ndi wa m'nthaka kapena wa ku fakitale, ngati unaotchedwa kapena kuthiridwa galasi, kulemera kwake, makarati a golide, magalamu a mphete yonse, ndi masiku amene mungabweze. Amene pakamwa amalumbira kuti ndi ruby weniweni koma pa pepala akungolemba kuti mphete imodzi, wakuuzani kale zoona. Ndipo musagule poganiza kuti mukusunga chuma. Tsiku lodzagulitsa, ogula ambiri adzaika mphete pa sikelo n'kukulipirani za golide yekha, mwala wamng'ono osauwerengera n'komwe.

Kusamala kwake n'kosavuta: madzi ofunda, sopo pang'ono wotsukira mbale, ndi mswachi wofewa, makamaka kunsi kwa mwala kumene kumaunjikana mafuta odzola. Mankhwala otsukira mano ayi, amakanda golide. Azivula akamachapa ndi Jik, chifukwa chlorine amafooketsa zitsulo zosakanizidwa ndi golide, timano n'kuyamba kuthyoka. Asaisunge pamodzi ndi ndolo ndi mikanda ina, poti ruby amakanda zinzake zambiri. Kamodzi pachaka mmisiri aziona ngati mwala sukugwedera.

Saizi musaiyerekeze ndi ulusi kapena kufunsa mng'ono wake. Pitani naye akayezedwe, makamaka madzulo, poti zala zimakhala zitatupako. Kumbukiraninso nyengo: mphete yoyezedwa m'mawa wa chisanu cha mu Juni imathina kukatentha mu Okutobala, ndipo yoyezedwa mu Okutobala imakhwepa mu Juni. Iyenera kudutsa pa mfundo ya chala mokakamiza pang'ono. Musanalipire, funsani ngati sitoloyo imakuza kapena kuchepetsa mphete, ndipo ngati imatero, zimenezonso zilembedwe pa lisiti lomwelo. Mphete yokhala ndi timiyala kuzungulira ponse siitheka kusintha saizi, ndiye pa chinkhoswe sankhani ya mwala umodzi pamwamba, kunsi kwake kosalala.